Kuteteza sola yanu ku mphepo, mphezi ndi madzi osefukira: zimene mlimi ayenera kudziwa za inshuwalansi

Mabanja ambiri ku Thuchila agula sola ndi ndalama za nandolo, chimanga, mbatata kapena za ku banki mkhonde. Ena sola imawaunikira m'nyumba ndi kutchajira mafoni, ena amapopera madzi othirira mbewu kudimba m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila. Ichi ndi chuma, ndipo ambiri mwa inu mukulipirabe ngongole yake.

Koma dera lathu lili m'njira ya anamondwe ochokera ku nyanja ya mchere ya India kudzera ku Mozambique. Tinaona Idai mu Marichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Marichi chaka chomwecho, ndi Freddy mu Marichi 2023, amene anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera. Denga likasasuka, panelo imapita nalo. Funso ndi lakuti: zikatero, ndani adzakubwezerani?

Galanti si inshuwalansi

Alimi ambiri amaganiza kuti pepala la galanti limene anapatsidwa pogula sola limawateteza ku vuto lililonse. Si choncho. Galanti ndi lonjezo la wogulitsa kapena wopanga lakuti chipangizo chikafa chokha chifukwa sichinapangidwe bwino, adzachikonza kapena kukusinthirani m'nthawi imene munagwirizana. Kawirikawiri galanti sikhudza panelo imene yauluka ndi mphepo, yasweka ndi matalala, yapsa ndi mphezi, yamira m'madzi kapena yabedwa. Imathanso mphamvu ngati mwatsegula chipangizocho nokha kapena mwapereka kwa wokonza wosavomerezeka.

Ngati munatenga sola yolipira pang'onopang'ono pafoni, werenganinso mgwirizano wanu kapena funsani ajenti funso ili: sola ikawonongeka ndi namondwe ndisanamalize kulipira, ngongole ithera pomwepo kapena ndidzapitiriza kulipira? Yankho likhale lolembedwa papepala, osati lapakamwa.

Momwe inshuwalansi imayendera

Inshuwalansi ndi mgwirizano wa inu ndi kampani. Inu mumapereka ndalama yochepa chaka ndi chaka, yotchedwa pulimiyamu, ndipo kampani imalonjeza kukulipirani katundu wanu akawonongeka ndi ngozi zimene zalembedwa mu mgwirizanowo. Anthu ambiri amasonkha, ochepa ndiwo amagweredwa ngozi, ndipo ndalama za onse zimathandiza ochepawo. Chaka chikatha popanda ngozi, pulimiyamu sibwezedwa. Si ndalama yosungitsa ngati masheya a ku banki mkhonde.

Nthawi zambiri sola silowa pa inshuwalansi payokha. Panelo yokhomedwa padenga imalowa mu inshuwalansi ya nyumba, pamene batire, iniveta ndi wailesi ya kanema zimalowa mu inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba. Pampu ya kudimba imafuna mgwirizano wa zipangizo za ulimi, chifukwa sikhala panyumba. Makampani monga NICO General, Britam, General Alliance ndi Reunion amagulitsa inshuwalansi ya katundu, ndipo maofesi awo amapezeka ku Blantyre. Kampani iliyonse ili ndi malamulo ake okhudza mtundu wa nyumba imene ingalandire, choncho fotokozani zoona: njerwa zootcha kapena zidina, denga la malata kapena la udzu, ndiponso ngati nyumba ili pafupi ndi mtsinje. Mukabisa china chake, kampani ili ndi ufulu wokana kulipira tsiku la ngozi.

Musasokoneze inshuwalansi iyi ndi ya mbewu imene mabungwe ena amabweretsa, imene imalipira poona kuchuluka kwa mvula kapena zokolola za dera lonse. Pa inshuwalansi ya katundu, kampani imaona chimene chawonongeka panyumba panu penipenipo.

Zinthu zitatu zimene zimakhumudwitsa anthu

1. Mtengo umene mwalembetsa. Lembetsani mtengo wogulira sola yatsopano lero, osati umene munagulira kale. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zipangizo za sola, poti zimachokera kunja, zinakwera mtengo. Tiyerekeze kuti zipangizo zanu lero ndi za K800,000 koma inu munalembetsa K400,000. Mwateteza theka lokha. Pakawonongeka zinthu za K200,000, malamulo a makampani ambiri amati mulandirenso theka, K100,000.

2. Gawo lanu pa ngozi iliyonse. Pali ndalama yoyamba imene mumasenza nokha, imene a kampani amaitcha excess. Tiyerekeze kuti gawo lanu ndi K50,000 ndipo panelo yasweka ndi ya K60,000. Mudzalandira K10,000 yokha. Ndiye chifukwa chake kasola kakang'ono ka nyali ziwiri kapena zitatu sikapindulitsa kuika pa inshuwalansi. Inshuwalansi imakhala yanzeru pa pampu yothirira, sola ya filiji ya bizinesi, kapena zipangizo za kalabu.

3. Zimene sizilipiridwa. Batire yotha chifukwa cha kukalamba, mawaya odyedwa ndi makoswe, dzimbiri, ndi kuwonongeka kobwera chifukwa cha kulumikiza molakwika nthawi zambiri sizilipiridwa. Pa zakuba, makampani ambiri amafuna umboni woti mbala inathyola, komanso lipoti la apolisi. Panelo yosiyidwa kudimba usiku popanda mlonda ikhoza kukanidwa.

Mafunso ofunsa musanalipire

Kodi mphepo ya mkuntho, matalala, mphezi ndi madzi osefukira zonse zalembedwa mu mgwirizano?
Kodi panelo, batire, iniveta ndi pampu zalembedwa chilichonse pachokha, ndi manambala ake?
Kodi mudzandilipira mtengo wa chatsopano, kapena mudzachotsera zaka zimene chagwira ntchito?
Gawo langa pa ngozi iliyonse ndi ndalama zingati?
Ngozi ikachitika, ndili ndi masiku angati oti ndikudziwitseni, ndipo ndidziwitse ndani?

Makampani a inshuwalansi ndi maajenti awo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Munthu akabwera pamudzi kudzagulitsa inshuwalansi, muuzeni akuonetseni chiphaso chake, ndipo ndalama muzilipira ku akaunti ya kampani, osati ku nambala ya foni ya munthu. Landirani risiti ndi pepala la mgwirizano. Kampani ikakana kukulipirani popanda chifukwa chomveka, yambani mwadandaula kwa iwo molemba kalata. Zikakanika, dandaulo lanu likhoza kupita ku Reserve Bank.

Ngozi ikachitika

Yambani mwaona kuti anthu ali bwino. Musagwire mawaya oduka ndi manja, chifukwa panelo imatulutsabe magetsi dzuwa likaiwomba ngakhale galasi lake litasweka. Iphimbeni ndi thumba kapena bulangete, ndipo ana asayandikire batire yong'aluka. Jambulani zithunzi ndi foni musanasunthe kanthu. Dziwitsani kampani tsiku lomwelo kapena lotsatira. Musataye kapena kugulitsa zowonongekazo mpaka woyesa wa kampani atabwera. Dziwitsaninso a mfumu ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi mwanu kuti dzina lanu lilowe m'kaundula wa okhudzidwa.

Umboni umakonzedwa ngozi isanagwe. Lero lomwe jambulani risiti, pepala la galanti ndi nambala imene ili kuseri kwa panelo. Mapepala asungeni mu pulasitiki pamalo okwera, ndipo zithunzi mutumizirenso m'bale amene amakhala kwina.

Ngati simungakwanitse kulipira kampani

Kalabu kapena kopaletivi imene ili ndi pampu ya gulu ikhoza kulembetsa zipangizo zake pa mgwirizano umodzi n'kugawana pulimiyamu. Magulu a banki mkhonde akhoza kukhazikitsa thumba lapadera lokonzetsera sola, losiyana ndi la maliro ndi matenda, lokhala ndi malamulo olembedwa: aliyense asonkha zingati, ndipo wogweredwa ngozi alandira zingati. Koma dziwani malire ake. Thumba lotere limathandiza mphezi ikawononga nyumba imodzi. Namondwe akasasula madenga a mamembala khumi usiku umodzi, ndalamazo sizingakwanire onse. Choncho chitetezo choyamba ndi kaikidwe kabwino.

Kuteteza sola mvula isanayambe

Panelo imangiriridwe ndi mabawuti pa felemu yachitsulo yogwira ku mitanda ya denga, osati kutsamiritsa ndi njerwa kapena kumanga ndi linya. Ikani pakati pa denga, chifukwa mphepo imayamba kusasula m'mphepete ndi m'makona. Onaninso denga lenilenilo: mitanda imangidwe ku khoma ndi waya wolimba, ndipo yodyedwa ndi chiswe isinthidwe. Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti madzi ndi fumbi zizitsetsereka. Dulani nthambi za mango kapena bulugamu zimene zingagwere padenga.

Pa sola yaikulu, gwiritsani ntchito mmisiri wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA, ndipo akuikireni waya wopita pansi m'dothi ndi kachipangizo koteteza ku mphezi. Kukayamba ziphaliwali, zulani wailesi ya kanema ndi matchaja, ndipo musakwere padenga. Batire ikhale pa shelefu yokwera, pamalo opita mphepo, osati pansi pamene madzi angalowe.

Mverani uthenga wa nthambi yoona za nyengo pa wailesi. Akachenjeza za namondwe, tsitsani panelo yonyamulika mphepo isanayambe ndipo ikani m'nyumba. Pampu ndi mapaipi achotseni kudimba. Mtsinje wa Thuchila umachokera m'phiri la Mulanje, ndipo ukhoza kudzaza mofulumira ndi mvula ya kuphiri ngakhale kwanu kusanagwe dontho.

Kwa alimi otsogolera

Pa msonkhano wa kalabu wa mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, lembani mayina a onse amene ali ndi sola, mtengo wake lero, ndi ngati akulipirabe ngongole. Yenderani nyumba zawo muone kamangidwe ka mapanelo. Amene ali ndi zipangizo zodula afunse mitengo ku makampani awiri kapena atatu, ndipo abwere ndi mapepalawo kuti muwerengere limodzi ndi alangizi a m'dera lanu asanasayine.