Chotupa cha m'mphechepeche: dokotala amadziwa bwanji gwero lake?

Amayi, chotupa cha m'mphechepeche ambiri timangochitcha mwanabere n'kudikira kuti chiphwe chokha. Ena amabisa chifukwa cha manyazi. Koma zotupa za pamalo amenewa n'zamitundumitundu, ndipo zina zikachedwa zimapha.

Mwanabere weniweni amabwera thupi likamalimbana ndi matenda, monga chilonda cha kuphazi kapena matenda opatsirana pogonana, aja amatchedwa mabomu. Akakhala milungu ingapo wosaphwa, madokotala amaganiziranso za TB, HIV kapena khansa, ndipo amayeza magazi kapena kutengako kanyama kuti akakaunike.

Chotupa china ndi heniya. Apa khoma la mimba limakhala lafooka, ndiye matumbo amatulukira pampatapo. Kutsokomola kwa nthawi yaitali, kudzimbidwa, pakati, ndi kusenza katundu wolemera zimaikulitsa. Imagwira kwambiri abambo ndi ana aamuna, koma ilipo ina yotulukira chakumtunda kwa ntchafu yomwe imakonda amayi. Imeneyi imakhala yaing'ono, koma ndiyo imafulumira kupana matumbo.

Kwa abambo kulinso phudzi la madzi odzadza m'thumba la machende. Ku Karonga ndi kuchigwa cha Shire, ambiri linkawagwira chifukwa cha tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu. M'chaka cha 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wagonjetsa matendawa, komabe amene anatupa kale amafunikabe opaleshoni.

Kuchipatala dokotala amayamba ndi mafunso: chinayamba liti, chikupweteka, chimalowa mukagona? Kenako amakuyezani mutaimirira ndiponso mutagona. Akakuuzani kuti mutsokomole, si chipongwe: heniya imakankha dzanja lake, pomwe mwanabere sakankha. Phudzi la madzi amaliunika ndi tochi, kuwala n'kudutsa. Zikapanda kudziwika bwino amakutumizani ku sikani.

Chotupa chimene chimalowa n'kutuluka chimapereka mpata woti muyambire kuchipatala chapafupi, monga ku Mapale kapena ku St John's, ndipo kukafunika adzakutumizani kwa madokotala a opaleshoni ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga. Koma chikauma, n'kumapweteka kwambiri, osabwereranso mkati, wodwala n'kumasanza, mimba kutupa, chimbudzi ndi mpweya osatuluka, ndiye kuti matumbo apanika. Magazi akasiya kufikako, matumbowo amayamba kufa m'maola ochepa. Thamangani naye nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musam'patse chakudya kapena chakumwa, chifukwa angafunike opaleshoni yachangu.

Kutemera mphini, kuthowa, kapena kumanga ndi nsalu sikutseka mpata wa heniya. Imatha ndi opaleshoni basi. Posambitsa mwana, yang'anani ngati pamatupa akamalira. Bambo kunyumba akamayenda motangadza koma osanena kanthu, afunseni mwaulemu muli awiri, ndipo muwaperekeze kuchipatala chotupacho chisanapanike.