Njinga Yatsopano Iyambe Yafika Kutchalitchi

Lamulungu m'mawa, munthu woyenda mumsewu wa M5 kuchokera ku Benga, kudutsa pa Chia, kufika paboma la Nkhotakota mpaka ku Dwangwa, savutika kuzindikira matchalitchi a Chipentekoste. Zokuzira mawu amazimva ali patali, ndipo akayandikira amaona njinga zamoto zitandandana pansi pa mtengo wa mango. Si kale kwenikweni pamene pamithunzi yomweyi pankatsamira njinga zakapalasa zokhazokha. Lero pali Lifo, King Lion ndi Boxer, zina zonyezimira, zina zoti madigadi anachita kumangidwa ndi waya. Kuchuluka kwa njingazi kwabala mwambo womwe makolo sankaudziwa: kwa Akhristu ambiri a mipingo imeneyi, njinga yatsopano sinyamula munthu wolipira isanapemphereredwe.

Mwambowu sunalembedwe m'buku la mpingo, ndipo mbusa aliyense amautsogolera mwa njira yake, koma kachitidwe kake sikasiyana kwambiri. Umagwera pa nthawi ya maumboni, oimba akatsitsa mawu, wa kiyibodi akungosisita chapansipansi. Mnyamata amaimirira, kiyi ali m'manja, n'kuyamba kulongosola komwe wachokera: momwe anapalasira kabaza wakapalasa mpaka msana kuuma, momwe anachezera panyanja ndi chilimira, kapena momwe anadulira nzimbe ku Dwangwa chaka ndi chaka, mkazi wake akuponya kangachepe kubanki m'khonde. Amayi amaimba nthungululu. Kenako anzake awiri amaikankha njingayo osailiza, kufika nayo pakhomo, ndipo m'matchalitchi ena imalowa ndithu mpaka kuguwa, pulasitiki ya kusitolo ikadali pachishalo.

Abusa amasanjika dzanja limodzi pathanki, lina pamutu pa mwini njinga. Akulu ampingo amagawana, wina wagwira handulo, wina kaliyala, wina wagwada n'kugwira tayala. Mpingo wonse umatambasula manja uli chiimire, aliyense akupemphera mokweza, ena m'malilime. Sapemphera mozungulira ayi. Amatchula ngozi, amatchula akuba, amatchula anthu ansanje, amapempha makasitomala. Kumene amagwiritsa ntchito mafuta odzozera, abusa amadontheza pakiyi ndi pahandulo. Kumene sagwirizana ndi za mafuta, amangowerenga Salmo 91 kapena 121. Pomaliza kiyi amabwerera kwa mwini wake kuchokera m'dzanja la abusa, ndipo apa mpamene injini imalizidwa, hutala n'kulira, ana n'kukhamukira panja. Nthawi zambiri woyamba kukwera ndi abusa kapena mayi busa, kungozungulira bwalo n'kutsika. Ena ndalama zonse za tsiku loyamba la ntchito amakazipereka kutchalitchi ngati zipatso zoyamba.

Chitsulochi chimalandira ulemu wotere chifukwa cha ntchito yomwe chimagwira m'boma lino. Misewu ikuluikulu ndi iwiri, wa M5 wotsata nyanja ndi wa M18 wopita ku Kasungu kudzera m'nkhalango ya Nkhotakota. Ukapatuka, kaya ukulowera kumadoko a asodzi, kumadambo a mpunga a m'mbali mwa Bua, kapena kumidzi ya kwa Mwansambo, kwa Mwadzama ndi kwa Kafuzira, njira zambiri ndi mchenga m'chilimwe, matope m'dzinja. Usipa wauwisi ukachedwa padoko umaonongeka, ndipo njinga ndi imene imauthamangitsira kumsika. Thumba la mpunga wa kilombero, ufa wa kondowole, mayi woyembekezera amene matenda amuyamba pakati pa usiku, zonse zimadalira mnyamata wa njinga. Mtengo wake nawonso si wamasewera, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anyamata ambiri pasiteji amayendetsa ya bwana, n'kumapereka ndalama yoikika patsiku kapena pasabata, ena mwa pangano loti akamaliza kulipira idzakhala yawo. Amene wafika poti kiyi ndi wakewake, misozi yomwe amakhetsa pamaso pa mpingo ndi yoona.

Palinso mantha. Nkhani za akabaza otengedwa madzulo ndi munthu wodzionetsa ngati kasitomala, n'kukaphedwa kutchire njinga n'kubedwa, zamveka m'maboma ambiri a dziko lino, ndipo palibe wapasiteji amene sazidziwa. Kale munthu woyamba ntchito yoopsa ankapita kwa sing'anga kukatemera kapena kukatenga chithumwa. Ena amapitabe, kachithumwako n'kukabisa pansi pa chishalo. Mipingo ya Chipentekoste imadana nazo kotheratu zimenezi, ndipo pemphero la panjinga ndilo yankho lake: mnyamata asalowere kwa sing'anga, abwere kuguwa. Abusa ena asanasanjike manja amayamba afunsa ngati pali chilichonse chomangidwa panjingapo, ndipo chikapezeka chimatenthedwa anthu akuona.

Chipentekoste chinapeza Nkhotakota ali kale ndi zipembedzo zozika mizu. Paboma, ku Linga, Chisilamu chinakhazikika kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840, ndipo a Anglican a UMCA anatsegula mishoni yawo mu 1894, pomwe lero pali tchalitchi cha All Saints ndi chipatala cha St Anne's. Mpingo wa Assemblies of God, womwe Lazarus Chakwera anautsogolera kuyambira 1989 mpaka 2013, unakhazikika m'Malawi m'zaka za m'ma 1940. Living Waters unayambitsidwa ndi Stanley Ndovie ku Blantyre mu 1985. Pambali pa mipingo ikuluikuluyi pali timautumiki tambirimbiri toyambira m'kalasi ya pasukulu kapena m'chisakasa cha udzu. Pasiteji ya kabaza onsewa amasakanikirana. Wina amanena Bismillah asanalize injini, wina wamata sitika ya dzina la Yesu pathanki, koma buku la zosonkha za maliro ndi matenda ndi limodzi.

Njinga ikapemphereredwa, mpingo umayamba kuiwerengera ngati yake. Mbusa wa kumudzi amakhala ndi nthambi zingapo zotalikirana, ndipo ngati alibe njinga yakeyake, mnyamata uja ndi amene amamupereka, mafuta okha n'kumuthirira. Tsiku la krusedi pabwalo la mpira, masipika, jenereta ndi mipando zimasamutsidwa pakaliyala. Tsiku la ubatizo kunyanja, agogo osatha kuyenda amafika padoko atakwera. Foni ya pakati pa usiku yoti mwana wa m'bale wakomoka imaimbidwira iye poyamba, ndipo zoti mulipira zingati zimakambidwa kukacha, kapena sizikambidwa n'komwe. Pa nthawi ngati ya mu Febuluwale 2024, madzi osefukira atakokolola midzi ya kwa Kanyenda ku Dwangwa n'kudula msewu wa M5, m'pamene anthu amaona phindu la chinthu chotha kulambalala pomwe galimoto yaima.

Maiko ena ali ndi utumiki wotere wokhala ndi dzina ndi mabaji. Ku America kuli Christian Motorcyclists Association, yomwe Herb Shreve anayambitsa ku Arkansas mu 1975, komanso gulu la Chipentekoste la Azusa StreetRiders, lomwe linatenga dzina ku msewu wa ku Los Angeles komwe William Seymour anatsogolera chitsitsimutso cha 1906. Kumeneko ambiri amakwera njinga zikuluzikulu posangalala, ndipo amasonkha ndalama zogulira njinga abusa ndi amishonale a m'maiko osauka. Chimodzi choyenera kuwatengera ndi kayendedwe ka pagulu: pamakhala wotsogolera ndi wotsekera kumbuyo, mpata pakati pa njinga, ndi zizindikiro za manja zomwe onse agwirizana asananyamuke. Kunyanja kuno utumiki wa njinga suvala yunifomu, ndipo wokwerayo njinga yomweyo ndi imene imamudyetsa. Koma maulendo a pagulu aliponso, ndipo m'pamene umodzi wa akabaza umaonekera, pamodzi ndi kuopsa kwake.

Wakabaza akamwalira, anzake amasiya ntchito. Amasonkha chipepeso, amathandiza bokosi ndi ufa, kenako amakaperekeza thupi kuchokera kumochale mpaka kumudzi, njinga makumimakumi kutsogolo kwa galimoto ya maliro, magetsi oyatsa dzuwa likuswa mtengo, hutala kulira njira yonse. Pofika pomwe aika masamba pamsewu, mudzi umadziwa kuti mwana wawo sanali yekha. Ndi ulemu waukulu, ndipo amayi amasiye ambiri aona ndalama yoyamba ya pamaliro kuchokera kwa anyamata amenewa. Koma pamdipiti womwewo pamapezeka okwera atatu kapena anayi panjinga imodzi, ena oimirira, ena okhotakhota kutseka msewu wonse, ena atalawako kale. Kawirikawiri amene akumuperekezayo anafa pangozi ya njinga. Pamaukwati napo zimachitika zomwezo popita kuperekaniperekani. Apa mipingo ya Chipentekoste ili ndi chinthu chimodzi chomwe ikupulumutsa nacho anthu kale: imaletsa mowa, ndipo mnyamata womvera abusa ake sagwira handulo ataledzera.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja umafuna munthu watcheru. Malo ambiri ndi wopapatiza, m'mphepete munadyeka, ndipo pali milatho yolowa galimoto imodzi. Mbuzi ndi ana a sukulu amatulukira mwadzidzidzi. Cha ku Dwangwa, nyengo yodula nzimbe, pamayenda mathilakitala ndi malole olemera. Mwera ukawomba umakankha njinga yonyamula madengu, ndipo nkhungu zikatuluka m'nyanja n'kugwera kumtunda, wokwera wopanda galasi kumaso amayenda atatsinzina. Malamulo a dziko amafuna laisensi, nambala, inshuwalansi, ndi chipewa choteteza mutu kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe. Ambiri alibe zimenezi. Anaphunzira kwa mnzawo pabwalo la mpira masiku owerengeka, ndipo bungwe la akabaza la MACOKASA lakhala likudandaula kuti mtengo wa mapepala ndi wokwera. Kuchokera paboma la Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, mtunda womwewo womwe ambulansi imayenda ndi munthu wosweka mutu kapena ntchafu kupita ku Kamuzu Central, komwe chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chinayamba ntchito mu 2023. Madokotala a mafupa akhala akunena poyera kuti ovulala pa kabaza akudzaza mabedi. Bungwe la WHO limati chipewa chovalidwa bwino chimachepetsa chiopsezo chovulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti.

Apa ndi pomwe mwambo wokongolawu uli ndi mpata. Kuguwa kumafika njinga ndi kiyi, koma chipewa sichifikako. Mnyamata wina akachoka pamenepo amaona ngati watenga chiphaso choti sangagwe, ndipo ukamufunsa za chipewa amayankha kuti ndi wophimbidwa ndi mwazi wa Yesu. Chikhulupiriro chakecho si chonyozeka, koma chaphunzitsidwa theka. Salmo 91 lomwe amawerenga panjinga ndi lomwelo limene, m'mutu 4 wa Mateyu, mdierekezi analitchula pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, ndipo Yesu anakana, chifukwa kutero ndi kuyesa Mulungu. Mbusa aliyense wa Chipentekoste amaidziwa nkhaniyi. Ikanamalalikidwa dzanja lili pathanki, anyamata sakanaiiwala.

Wapolisi wapamsewu amakumana ndi wakabaza kwa mphindi zochepa, ndipo awiriwa amaonana ngati adani. Abusa amakumana naye Lamulungu, pakati pa sabata ndi usiku wa mapemphero, amadziwa mkazi wake, anadalitsa ana ake. Ngati ali ndi mphamvu yofunsa za chithumwa pansi pa chishalo, alinso ndi mphamvu yoti: "Achimwene, zipewa ziwiri zija zili kuti? Mabuleki akugwira? Laisensi mwafika nayo pati?" Mpingo wotha kusonkha ndalama za masipika ungathenso kusonkha za sukulu yoyendetsa ya anyamata ake awiri pachaka.

Chovuta kwambiri ndi chipewa cha wokwera. Amayi amachikana chifukwa cha tsitsi lomwe angoluka kumene, ena amanyansidwa ndi thukuta la anthu osawadziwa kapena kuopa zipere. Duku loyera lovala mkati limathetsa zambiri mwa zifukwazi, ndipo gulu la amayi a mpingo ndi lomwe lingauze anzawo zimenezi iwo n'kumva. Amayi omwewo amadziwa bwino chitenje chokodwa m'masipokisi, ndi chilonda chozungulira cha pakatumba chomwe ekizozi yotentha imasiya munthu akatsikira kumanja. Ndipo aliyense woima pachipata cha tchalitchi mapemphero akatha amaiona njinga ya banja: bambo pahandulo, kamwana pathanki, awiri pakati, mayi kumbuyo atakhala chammbali, khanda lili kumsana. Maasha omwe amalondolera anthu pokhala m'kati atha kuimanso pachipatapo n'kugawa anawo panjinga zina.

Usiku wa pa 31 Disembala matchalitchi onsewa amadzaza, anthu kupemphera kuti aoloke nawo chaka. Ambiri amabalalika cha m'ma 1 kapena 2 koloko m'bandakucha, ndipo anyamata omwe agwira ntchito tsiku lonse n'kuvina usiku wonse amayamba kututa anthu kupita nawo kumidzi, maulendo atatu kapena anayi, mumsewu wodzaza ndi ochokera kumowa, nthawi zambiri mvula ikugwa. Mpingo wosunga anthu ake mpaka kuche umakhala wawachotsa pa maola oopsawo. Ndipo Lamulungu lotsiriza zikondwerero zisanayambe, abusa atha kuitana wapolisi wapamsewu wa pa Nkhotakota kapena pa Nkhunga, n'kumupatsa mphindi 10 pambuyo pa zolengeza, akabaza onse atakhala mabenchi a kutsogolo.