Penshoni ndi puloti: musasiye chimodzi chifukwa cha chinzake

Mwayamba ntchito, malipiro akubwera mwezi ndi mwezi. Achibale akuti: pezani malo, umbani mabuloko, nyumba siwola. Akunena zoona. Koma pali ndalama ina yaing'ono imene achinyamata ambiri amaiona ngati yotayika: ya INSS.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Lamulo limati pa malipiro anu 7% ipite ku INSS. Inu mumapereka 3%, abwana anu 4%. Ngati mumalandira 10.000 meticais, inu mukuchotsedwa 300, abwana akuwonjezera 400. Abwana ena amanyengerera kuti: "Tisakulembetse, uzilandira zonse m'manja." Mukavomera, mwapulumutsa 300 koma mwataya 400, ndi mwezi umodzi wa penshoni. Miyezi ndiyo imawerengedwa. Penshoni yathunthu ya ukalamba, imene ambiri timati reforma, imafuna miyezi 240, kutanthauza zaka 20, ndipo mayi amalandira akafika zaka 55, bambo zaka 60. INSS imathandizanso mukadwala, mayi akabereka, ndiponso ana ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye. Khoma la nyumba silingachite zimenezi.

Musangokhulupirira pepala la malipiro. Pitani ku ofesi ya INSS ndi nambala yanu, mukafunse ngati ndalamazo zikufikadi. Wodzilemba yekha ntchito, monga telala kapena kalipentala, angathe kulembetsanso, koma 7% yonse amalipira yekha.

Tsono za malo. Muno m'Mozambique nthaka ndi ya Boma, ndipo siigulitsidwa. Lamulo la nthaka la 1997 limapereka ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wotchedwa DUAT, kwa amuna ndi akazi mofanana. Chimene mungagule kapena kugulitsa ndi nyumba ndi zina zomangidwa pamalopo. Choncho kapepala kolembedwa pamanja koti "ndagulitsa puloti" sikokwanira. Musanapereke ndalama, funsani kwa mlembi wa bairro ndi ku município ngati malowo alibe mwini wina. Ine ndimati bola kuchedwa miyezi itatu kusiyana ndi kumanga pamalo a milandu.

Yang'ananinso kumene madzi amadutsa. Anthu a ku Tete akukumbukira mmene mtsinje wa Revúbuè unasefukira mu 2022, mpaka mlatho kugwa. Puloti yotchipa m'mbali mwa mtsinje ingathe kumeza thukuta la zaka khumi usiku umodzi. Nyumba ya lendi nayo si mgodi: miyezi ina imakhala yopanda munthu, koma denga likadontha mukonza ndinu.

Nanga ndalama ya simenti ichokera kuti? Pa zotsala mukagula chakudya ndi kulipira sukulu. Ya xitique ikakugwerani, gulani malata kapena matumba a simenti. Yambani ndi chipinda chimodzi, mufolere, mulowemo. Ndalama imene munkalipira lendi ndiyo idzamange chipinda chachiwiri.