Mapiri Oyera a ku Labrador

Kumpoto chakum'maŵa kwa dziko la Canada kuli dera lozizira kwambiri lotchedwa Labrador. M'derali muli mapiri otchedwa Mealy. Kumpoto kwa mapiriŵa kuli nyanja ya Melville, ndipo kum'maŵa kwake kuli nyanja yamchere ya Labrador.

Kalekale madzi oundana adakuta dziko lonseli. Pamene madziwo ankasuntha pang'onopang'ono, adapala mapiri ndi kukumba zigwa. N'chifukwa chake nsonga za mapiriŵa n'zobulungira. Pansongapo sipamera mitengo chifukwa cha mphepo ndi chisanu, koma m'zigwa muli nkhalango zoŵirira za mitengo ya masamba onga singano.

M'nkhalangomo mumakhala mimbulu, nkhandwe ndi zimbalangondo zakuda. Mumtsinje wa Eagle mumapezeka nsomba za salimoni. Nyama yodziŵika koposa ndi karibu. Nyamayi ili ndi nyanga zanthambinthambi, yamphongo ndi yaikazi yomwe. M'nyengo yozizira imafukula chipale ndi ziboda zake kuti ipeze ndere zimene imadya.

Anthu a mtundu wa Innu akhala m'dzikoli zaka zikwizikwi. Iwo amatcha mapiriŵa Akami-Uapishku, ndiye kuti mapiri oyera a kutsidya. Makolo ao ankayenda m'mabwato ndi pansi, nagona m'mahema, potsata karibu. Nyama yake ankadya, chikopa ankasokera zovala, ndipo mafupa ankapangira zida. Alenje akapha karibu, anthu amachita phwando lotchedwa makushan, pomwe amadyera pamodzi mafuta a m'mafupa. Pamwambowu satayapo kanthu, pakuti kutero n'kunyoza nyamayo. Lero Ainnu ambiri a ku Labrador amakhala m'midzi ya Sheshatshiu ndi Natuashish, koma amapitabe kutchire kukaphunzitsa ana nzeru za makolo.

Masiku ano karibu za m'mapiriŵa zachepa kwambiri. Zikadzatha, mbali yaikulu ya mwambo wa Ainnu idzatha nazo. M'chaka cha 2015 boma la Canada lidapatula derali kuti likhale nkhalango yotetezedwa ya makilomita 10,700 m'bwalo lonse, ndipo Ainnu amathandiza kuiyang'anira.

Mafunso
1. Kodi mapiri a Mealy ali m'dziko liti?
2. N'chifukwa chiyani nsonga zake n'zobulungira?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene Ainnu ankapeza kwa karibu.
4. Kodi dzina loti Akami-Uapishku litanthauzanji?