Hilux ya malemu bambo itayamba kulira, ndinaphunzira kumvetsera

Bambo atamwalira anatisiyira Toyota Hilux yakale, ija ya mahabu okhoma ndi manja. Ndiyo imatidyetsa. Ndimakatenga mpunga ndi nsomba zouma m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kudutsa pa Ntaja ndi Liwonde, kukagulitsa ku Balaka. Fizi ya mchemwali wanga imachokera pomwepo.

Dzinja latha, galimotoyo inayamba kulira. Ndikangoika giya n'kunyamuka, pansi pamamveka "gu!". Ndikathamangako pang'ono, mpando wonse umanjenjemera. Pa galaja ina anangomva kamodzi n'kunena kuti giyabokosi yatha. Mtengo umene anatchula unandigwetsa ulesi, moti usiku umenewo ndinayamba kuganiza zoigulitsa.

Mayi ndiwo anandituma kwa makaniko wina wachikulire ku Liwonde, mnzawo wa bambo. Mkuluyo sanagwire sipanala. Anangokwera.

"Mwana wanga, tiye pa msewu wa fumbi. Mahabu uike pa FREE, kagiya kakang'ono pa 2H."

Galimoto inayenda zii. Titakhoma mahabu n'kuika 4H, phokoso lija linabwerera.

"Wamva? Giyabokosi ikugwira ntchito konsekonse. Ikanakhala yodwala, bwenzi ikulira paliponse. Matenda ali kutsogolo."

Tinaimika pa malo osatsetsereka, kuzimitsa injini, kutsekera matayala ndi miyala, n'kulowa pansi. Anagwedeza ndi dzanja shafuti yopita kutsogolo, ndipo inkachita gwedegwede. Pa kolosi yolumikizira shafutiyo panali fumbi lofiira la dzimbiri, girizi kulibiretu. Atamasula chotsekera cha difu yakutsogolo, oyilo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka. Ndinakumbukira tsiku lomwe ndinawoloka kamtsinje kodzaza. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imakoka madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena m'masili otha.

Kenako anandifunsa funso lomwe linandichititsa manyazi. "Ukatuluka m'matope n'kulowa pa tara, 4H umachotsa?"

"Ayi bambo, ndimafika nayo mpaka ku Balaka. Ndimaona ngati ndiye mphamvu."

Anapukusa mutu. Anafotokoza kuti pa galimoto za mtundu uwu, 4H imamanga shafuti yakutsogolo ndi yakumbuyo kuti zizizungulira mofanana. Koma pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. M'matope tayala limaterereka pang'ono, nkhani yatha. Pa tara silingaterereke, ndiye zitsulo zimapotana mpaka china chitagonja. Matayala osiyana kukula amabweretsanso vuto lomweli.

Tinagula kolosi yatsopano, kuthira oyilo wa 80W-90 mu difu, kupopera girizi m'manipo onse. Ndalama yake sinafike ngakhale pa phindu la ulendo umodzi wa mpunga.

Tsikulo anandiphunzitsanso kusiyanitsa maliridwe. Kulira kwa "ta-ta-ta" pokhota mahabu ali okhoma kumaloza majoini a mu ekiselo yakutsogolo. Kung'ung'udza komwe kumakula ndi liwiro, n'kusintha mukakhotera mbali imodzi, kawirikawiri ndi bering'i ya tayala. Kaliwu kosongoka komwe kamasintha mukaponda kapena kusiya moto, kayang'aneni difu. Ndipo kagiya kakang'ono kakakana kuchoka mu 4H, musakakamize. Bwererani m'mbuyo pang'ono mowongoka, kamasuka.

Anzanga amene mwalandira kapena mwagula galimoto yakale, foni muli nayoyo ikuthandizeni. Jambulani phokosolo, lembani giya, liwiro ndi msewu womwe limamvekera, kenako mukamuonetse makaniko. Musalowe pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha. Mukawoloka madzi akuya, onani oyilo wa difu sabata yomweyo.

Masiku ano ndikangofika pamene payambira tara, ndimaima, kuchotsa 4H, kutsika n'kumasula mahabu onse awiri. Anyamata a kabaza amaseka kuti dalaivala uyu ngwamantha. Mchemwali wanga walemba mayeso ake a Fomu 4 fizi italipidwa yonse.