Makabati a ku Denmark: ankayamba ayeza mbale asanadule thabwa

Mukalemba mawu oti "mid-century" pa Pinterest kapena pa Instagram, foni imadzaza ndi makabati aatali cham'mbali koma aafupi msinkhu, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ataima pa timiyendo toonda ngati ta kakowa. Kapangidwe kameneka kanatchuka kuchokera ku Denmark, Sweden, Norway ndi Finland pakati pa zaka za m'ma 1940 ndi 1960. Anzanga angapo apitapo kwa kalipentala ndi chithunzi chotere n'kumuuza kuti, "Bwana, ndikufuna ngati iyi." Chimabwerako ndi kabati yathu yomwe ija, yangosinthidwa miyendo. Ine ndikuona kuti tikukopera miyendo n'kusiya chenicheni. Eni akewo sankayambira pa maonekedwe. Ankayambira pa tepi yoyezera.

Mu 1924, Kaare Klint anayambitsa maphunziro a kapangidwe ka mipando pa Royal Danish Academy of Fine Arts ku Copenhagen. Ophunzira ake ankayeza thupi la munthu, ataima komanso atakhala. Ankayezanso katundu woti asungidwe: mbale, makapu, nsalu za patebulo. Kabati inkajambulidwa pomaliza, manambala atapezeka kale.

Wophunzira wake wina, Børge Mogensen, ndiye anaitengera patali nkhaniyi. Kuyambira 1942 mpaka 1950 anatsogolera ntchito yojambula mipando ku FDB, bungwe la masitolo a makopaletivi ku Denmark, lomwe linkafuna katundu wolimba woti banja wamba lokhala m'nyumba yaing'ono lingakwanitse kugula. Kenako m'zaka za m'ma 1950, iye ndi mayi wina katswiri wojambula nyumba, Grethe Meyer, anachita zomwe ena angaseke. Anayeza malaya opinda, masupuni ndi mafoloko, n'kuwerengera kuti pakhomo pamakhala zinthu zingati za mtundu uliwonse. Pa manambala amenewo ndi pamene anapangira makabati otchedwa Boligens Byggeskabe, dirowa iliyonse ili ndi kuya kwake malinga ndi zolowamo.

Ganizirani dirowa ya kwanu. Ikakhala yakuya kwambiri, zovala zapansi zimaiwalika mpaka tsiku losamuka, ndipo kufuna sikipa imodzi ndi kufukula zonse ngati pa kaunjika. Madirowa atatu osaya amagwira ntchito kuposa imodzi yonga chitsime. Zitseko zotsetsereka nazo sizinali zokongoletsa: sizifuna malo otsegukira, ndiye kabati imatha kukhala pafupi ndi tebulo kapena bedi. Amene akuchita lendi chipinda chimodzi ku Ndirande kapena ku Area 25 akudziwa mmene chitseko cha wadiropu chimamenyera bedi chisanafike ndi pakati pomwe. Ngakhale timiyendo tija tili ndi ntchito. Pansi pakamaoneka, chipinda chimaoneka chachikulu. Tsache limalowa, madzi okolopera safika pa thabwa, ndipo chiswe chikayamba kumanga msewu mumachiona msanga.

Ena anaganiza zochotseratu katundu pansi. Mu 1948 Poul Cadovius wa ku Denmark anapanga Royal System, mashelefu ndi timakabati topachika pakhoma. Chaka chotsatira, kampani yosindikiza mabuku ya Bonnier ku Sweden inachititsa mpikisano wa shelefu yotchipa, yosavuta kutumiza komanso yoti wogula amange yekha, poti anthu sangagule mabuku ambiri alibe powaika. Anapambana ndi Nisse Strinning ndi mkazi wake Kajsa. Shelefu yawo, String, ndi timakwerero tiwiri tawaya tokhomera pakhoma, matabwa n'kumakoleka pa mulingo umene mukufuna. Ikupangidwabe mpaka lero. Vuto lake kwa ife ndi limodzi: muyambe mwagwirizana ndi alandilodi za kuboola khoma.

Tibwere pa matabwa, poti apa ndi pamene pali kusamvetsa kwambiri. Mtengo wa teak, umene umapatsa katunduyu mtundu wake uja, sumera ku Denmark. Unkachokera ku Thailand ndi Burma, yomwe lero ndi Myanmar. Ndipo pamwamba ndi zitseko za makabati ambiri si thabwa la teak lathunthu ayi. Ndi veneer, kathabwa kopyapyala komatidwa ndi guluu pa thabwa lina lotchipa. Sikunali kuba: thabwa lalikulu lathunthu limapindika kapena kung'aluka nyengo ikasintha, pomwe lomatidwa limakhala chiwongokere. Komabe nkhalango zinalipira. Mtengo wina umene ankaukonda, rosewood wa ku Brazil, unatsala pang'ono kutha moti mu 1992 pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pangozi, linaletsa malonda ake pakati pa mayiko. Lero ngakhale kabati yakale ya mtengowu imafuna mapepala kuti idutse malire. Nyimboyi si yachilendo kuno: mu 2019 mukula unalowa pa mndandanda wa CITES dziko la Malawi litapempha. Ndiye sindikuona chifukwa choumirira kuti kabati yonse, mpaka kumbuyo koyang'ana khoma, ikhale ya mlombwa.

Chimene chimandinyansa n'chakuti katundu amene ena anamupangira banja wamba lero ndi wa anthu opeza bwino. Kutchuka kunabwera ndi zinthu ngati mpando wa Hans Wegner umene John F. Kennedy ndi Richard Nixon anakhalira pa mtsutso wawo wa pa TV mu 1960. Panopa mawu oti "vintage" akumatidwa pa chilichonse chofiirira, mtengo n'kukwera. Abale amene muli ku Johannesburg kapena ku London ndipo mumazungulira m'mashopu a katundu wakale, musakhulupirire chikwangwani. Tulutsani dirowa yonse muone m'makona: pa yopangidwa mwaluso matabwa amalumana mano ngati zala zopingasa, osati kungokhomedwa timisomali. Suzumirani kumbuyo ndi pansi, nthawi zambiri pamakhala chidindo cha wopanga. Onaninso m'mphepete ngati veneer yayamba kumatuka kapena thabwa lafufuma ndi madzi, chifukwa lofufuma silibwereranso.

Kwa ife oodetsa kwa kalipentala wa m'mbali mwa msewu, chithunzi chipite ndithu, koma chiperekezedwe ndi kapepala. Palembedwe masentimita a pakati pa bedi ndi khoma, kukula kwa poto wamkulu, kutalika kwa mabuku, ndi kuchuluka kwa malaya mukawapinda n'kuwasanja. Muyezenso khomo la chipindacho. Makabati ambiri okongola agonapo pakhonde atakana kulowa.