Bauti ikamata ndi dzimbiri, nyonga sizithandiza

Loweruka lina m'mawa bambo wina wa pa Mponela, m'boma la Dowa, adayala saka pabwalo la nyumba yake n'kukwawira kunsi kwa Toyota Sienta yomwe amanyamulira anthu. Kwa sabata ziwiri galimotoyo idakhala ikugogoda kutsogolo ikaponda bampu, ndipo anzake pa siteji adamuuza kuti bushi yatha.

Bushi yatsopano adagula, masipanala adabwereka. Adauza mayi a kunyumba kuti pofika nthawi ya nkhomaliro akhala atamaliza.

Dzuwa lidalowa galimoto idakali pa jeke. Mabauti ena onse adamasuka bwinobwino koma imodzi idakaniratu. Makona a mutu wake adayamba kuperepeseka, zala za bamboyo zili magazi okhaokha. Chidamuwawa kwambiri n'chakuti galimotoyo ndiyo munda wa banja lake. Ikagona pabwalo tsiku limodzi, ndiye kuti ndalama ya ndiwo ndi ya sukulu yagonanso.

Zotere zimagwera ambiri omwe amakonza okha galimoto kunyumba pofuna kupulumutsa ndalama ya kugalaja.

Chimamatitsa bauti n'chiyani?

Wilo imalumikizidwa ku thupi la galimoto ndi chitsulo chomwe amakaniko amati control arm. Kumapeto kwa chitsulochi kuli bushi, womwe ndi mpira wolimba wokhala ndi kapaipi kachitsulo pakati. Bauti imadutsa m'kapaipiko, ndipo mpata wotsala pakati pa ziwirizi ndi wochepa zedi.

Madzi akalowa mumpatamo sauma msanga. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limatupa. Limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chomwe ladya. Pakapita zaka, bauti ndi kapaipi kaja zimagwirana ngati adachita kuziwotcherera.

Galimoto zambiri za kaunjika zimafika kuno matendawa zili nawo kale. Kumpoto kwa Japan, monga pa chilumba cha Hokkaido, komanso ku Britain, amathira mchere m'misewu nthawi yozizira kuti madzi oundana asungunuke. Mcherewo umafulumizitsa dzimbiri kunsi kwa galimoto. Ikatsika sitima pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe imaoneka yonyezimira pamwamba, pomwe kunsi idayamba kale kudyeka. Matope a dzinja lathu amangomalizitsa ntchitoyo chifukwa amakakamira m'makona n'kusunga chinyontho.

Moyo poyamba

Musanagwire sipanala, onani chomwe chanyamula galimoto. Jeke ndi yokwezera basi. Munthu akamakankha bauti ndi mphamvu zake zonse galimoto imagwedezeka, ndipo jeke itha kupulumuka. Njerwa nazo n'zosadalirika chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi, osachenjeza.

Galimoto ikhale pamalo athyathyathya ndi olimba, itsamire pa masitandi achitsulo kapena zipika zazikulu za mtengo wouma. Matayala otsala pansi atchingidwe kutsogolo ndi kumbuyo. Wilo yomwe mwachotsa muigoneke kunsi kwa galimoto kuti zikavuta igwere pamenepo. Ana omwe amakonda kuunjikana poonerera akhale patali.

Chenjeraninso ndi sipuling'i. Pa galimoto zina imakhala itakhala pa control arm, yopanikizika ndi mphamvu yaikulu. Kukhoma bauti n'kuitulutsa chitsulocho chisadachirikizidwe ndi jeke kuchokera pansi kutha kuchititsa sipuling'i kufwamphuka n'kuthyola mkono kapena nsagwada.

Kudekha ndiye chida

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito imayamba ndi bulashi ya waya, kupala matope ndi dzimbiri pa nati ndi pa mazinga a bauti omwe akuonekera. Kenako thirani mankhwala olowerera m'dzimbiri. Odziwika kwambiri m'mashopu ndi WD-40, omwe adapangidwa koyamba mu 1953 ku San Diego m'dziko la America. Pomwe palibe, ena amathira dizilo kapena palafini.

Cholakwika cha ambiri n'kuthira kamodzi n'kugwira sipanala nthawi yomweyo. Mankhwala amafuna maola kuti alowerere. Thirani madzulo, gogodani mutu wa bauti ndi hamala kuti dzimbiri lisweke, thiraninso, mudzayese m'mawa.

Sipanala yotsegula kukamwa siyoyenera pano. Imagwira mbali ziwiri zokha, choncho imaterereka n'kudya makona. Pamafunika soketi ya makona 6 yokwana ndendende. Galimoto za ku Japan zimakonda masaizi 12, 14, 17 ndi 19, pomwe pa za ku Ulaya mumapezekanso 13, 16 ndi 18. Soketi yokulirapo ndi milimita imodzi yokha imakwanira kuononga mutu wa bauti.

Yambani ndi nati, mutagwira mutu wa bauti kuti usazungulire. Kankhirani pang'ono mbali yomangira musanamasule, chifukwa izi zimathandiza kuswa dzimbiri. Ikayamba kuyenda musaithamangire: masulani pang'ono, mangani pang'ono, thirani mankhwala, bwerezani.

Ambiri amavalika paipi ku chogwirira kuti chitalike. Paipi ya mita imodzi imapereka mphamvu yochuluka kanayi kuposa sipanala ya masentimita 25. Mphamvu yotere imamasula bauti, komanso imaidula. Kokani mwapang'onopang'ono, osalumphira paipi ndi phazi.

Moto ndi sowo

Nati ikakanabe, amakaniko amaiotcha ndi moto wa gasi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndiye nati imalekana pang'ono ndi bauti. Koma kunsi kwa galimoto kuli thanki ndi mapaipi a petulo, mapaipi a mabuleki, mawaya ndi shock absorber yomwe mkati mwake muli oyilo ndi mpweya wopanikizika. Mankhwala omwe mudathira aja nawo amayaka. Iyi ndi ntchito yoitanira munthu wodziwa kuwotcherera, ndowa ya mchenga ili pafupi.

Nthawi zina nati imachoka koma bauti osatuluka. Mukaipotoza imayenda pang'ono, mukasiya imabwerera pomwe idali. Chimenecho n'chizindikiro chakuti yamatirira ku kapaipi ka m'bushi, ndipo chomwe chikupotoka ndi mpira. Ngati mukufuna kuyesa hamala, bwezerani nati mpaka ilingane ndi nsonga ya bauti, mukhome pa natipo. Kukhoma nsonga yosavala kumaifutukula ngati bowa, ndiye singadutsenso pabowo.

Hamala ikalephera musalimbane nayo, mungapinde chitsulo cha galimoto chomwe chagwira bushi. Njira yotsala n'kudula. Sowo ya zitsulo imalowetsedwa mumpata wa pakati pa bushi ndi chitsulocho, mbali zonse ziwiri. Zimatenga nthawi ndipo mipeni ya sowo imatha ingapo, koma control arm imatsika bwinobwino. Wodula ndi gilayinda avale magalasi oteteza maso.

Bauti yatsopano isakhale ya chisawawa

Apa ndi pomwe pagona moyo wa okwera. Bauti yomwe yaotchedwa mpaka kufiira, yapindika kapena yadyeka ndi dzimbiri siyenera kubwereranso m'galimoto. Ndipo yolowa m'malo mwake isangotoledwa m'hadiweya chifukwa yafanana kutalika.

Pamutu pa mabauti ambiri pamakhala nambala yosonyeza kulimba kwake. Ya 10.9 imapirira makilogalamu pafupifupi 100 pa sikweya milimita iliyonse isanaduke, pomwe ya 4.6, yomangira mageti ndi mabenchi, imapirira pafupifupi 40 okha. Pamaso zimafanana, koma pa dzenje la mumsewu wa M1 galimoto itadzaza anthu ndi katundu, yofookayo itha kuduka wilo n'kupindikira mkati. Galimoto zina za ku Japan zili ndi zizindikiro zawozawo, choncho ndi bwino kutenga zidutswa za bauti yakale popita kwa ogulitsa masipeya.

Pomanga, pakani gilizi pang'ono pa thunthu la bauti lomwe limakhala m'kapaipi kuti dzimbiri lisadzagwirenso. Musamangitse galimoto ili m'malere. Kumangitsa komaliza kuchitike kulemera kwa galimoto kuli pa matayala, apo ayi mpira wa bushi yatsopano umakhala wopotoka ndipo umang'ambika msanga. Mukatha, pitani mukapimitse wheel alignment kuti matayala asadyeke mbali imodzi.

Bambo wa pa Mponela uja adathira mankhwala Loweruka usiku, n'kuthiranso Lamulungu asanapite kutchalitchi ndi atabwerako. Nati idamasuka madzulo, koma bauti idali itamatirira m'bushi. Lolemba m'mawa adaidula ndi sowo, n'kukwera minibasi kupita ku Lilongwe zidutswa zili m'thumba kukafuna inzake yolingana nayo.

Mnyamata wa m'hadiweya ya pafupi adali atamuonetsa bauti yotchipa yomwe ikadalowa pabowopo tsiku lomwelo. Bamboyo adayang'ana nambala ya pamutu n'kuibweza. Sienta idabwerera pa siteji Lachiwiri, itataya ndalama ya masiku atatu, kugogoda kuja kutatheratu.